Manja a Jeremiya

Mwera unayamba kuwomba mbandakucha, ndipo mabwato onse a ku Nkope anali pamtunda. Jeremiya anakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, pomwe pakhomo pake amayi ankasinja, kuimba ndi kululutira. Mwana wake Tikhala amakwatiwa Loweruka.

Mlamu wake Celestina, mng'ono wa malemu mkazi wake, anatulukira akuthamanga, kanthu kali m'manja.

"Alamu, vuto lija latha! Taonani magolovesi oyerawa. Mukavala, anthu adzayesa ndinu woimbitsa bandi ya apolisi!"

Jeremiya anayang'ana manja ake. Mawanga oyera anayamba pazala chaka chomwe mkazi wake anamwalira, ndipo tsopano anali atakwera m'mikono. A Rachael, mayi a mkwati, anali atanenetsa kuti limenelo ndi khate. Dzanja lotero, iwo amatero, silingapereke mtsikana kwa mwana wawo m'tchalitchi, ndipo iwo sangapatsane nalo moni.

"Sindivala," anatero Jeremiya.

"Ndiye akampereke ndi amalume ake."

"Ayi."

"Mutu wanuwu, alamu, ungaswe mwala!"

Tikhala anadzagwada pambali pa bambo ake. "Ababa, magolovesi mwakana, amalume mwakana, chipatala mumakana. Kodi ndikadzipereke ndekha? Lero panyanja palibe ulendo. Tiyeni kuboma."

Jeremiya anasoka maso ena awiri a ukondewo, kenako anaupinda n'kuimirira.

Kuchipatala anapeza dokotala wa khungu, mayi wanthabwala dzina lake Alima. Anawatembenuza manja aja uku ndi uku, n'kutenga kathonje.

"Tsinzinani, bambo. Ndikakukhudzani, lozani pamene ndakhudza."

Anadutsitsa thonjelo pabanga la pachala. Jeremiya analoza. Analidutsitsa kuseri kwa dzanja. Analozanso. Litafika mkati mwa mkono, Jeremiya anadzidzimuka n'kubweza dzanja.

"Aa, mukundigirigisha!"

Ndipo anaseka. Tikhala anagwira pakamwa. Kuseka kumeneko anali asanakumve chichitikire maliro a mayi ake.

"Si khate ili," anatero Alima. "Banga la khate limachita dzanzi. Anuwa akumva bwino, mpaka kuseketsa mwini wake. Amenewa ndi matenda otchedwa vitiligo. M'thupi mwanu muli chitetezo, asilikali olimbana ndi matenda. Ena mwa iwo asokonezeka, akuwononga tizigawo ta khungu timene timapanga mtundu wakuda, poyesa kuti ndi adani. Pamene adutsa, pamayera."

"Alonda agwira mwini nyumba," anatero Jeremiya.

"Eya, mwamva!"

"Nanga amapatsirana?" anafunsa Tikhala.

"Ayi ndithu. Gwiranani chanza, idyani m'mbale imodzi, adzanyamule ndi zidzukulu zomwe. Ndikupatsani mafuta opaka, owakhazika mtima pansi asilikaliwo. Mtundu ungabwerere pena, pena ayi, makamaka m'zalamu. Koma panyanja muzivala malaya a mikono italiitali, malo oyerawa amapsa msanga ndi dzuwa."

Tikhala sanadikire zina. Anatuluka akuvina pakhonde la chipatala, foni ili kukhutu. "Amayi aang'ono, si khate! Ndati si khate! Magolovesiwo muvale nokha!" Nthungululu zochokera ku Nkope zinamveka pafonipo mpaka m'chipinda cha dokotala.

Jeremiya anatsalira pampando.

"Thonjelo," anatero. "Ndipatseniko."

Atatsika minibasi, Tikhala analowera njira yakunyumba, koma bambo ake anapitirira.

"Ababa, kwathu n'kuno!"

Jeremiya sanacheuke. Anayenda mpaka pakhomo pa a Rachael, amene anali kupeta mpunga wa ukwati pakhonde. Atamuona, anabisa manja m'chitenje.

"Asewere, kwagwanji?"

Jeremiya anaika kathonje kaja m'mphepete mwa lichero. Anakhala pansi, anapinda malaya mpaka m'chigongono, anatsinzina, n'kuwatambasulira dzanja lake.