Kasingano m'Diresi la Alamu

Bwerezani anali atagwada pansi m'kachipinda kake kosokera, tisingano titatu tili pakamwa, pamene alamu ake anayamba chipongwe chawo.

"Mwawerenga kangati lero, alamu? Chonde tisachedwe nazo. Ukwati wa mwana wanga ndi Loweruka lino, si chaka cha mawa."

Iye anapinda mpendero wa diresi lobiriwiralo n'kubayapo kasingano. Dzina loti Bwerezani silinachokere kwa makolo ake. Anamupatsa ndi alamu omwewa, mlongo wa mwamuna wake, mayi wa pakamwa posatseka.

Vutolo linayamba zaka zitatu m'mbuyomo. Palibe munthu amene anabayidwapo ndi chovala chosoka iye, koma tsiku lina ganizo linangotulukira: bwanji ngati wasiya kasingano m'malaya, mwana wa eniake n'kukameza? Kuyambira pamenepo ankatulutsa tisingano makumi awiri m'kachitini, n'kuonetsetsa kuti tabwereramo makumi awiri. Ankayendetsa maginito a wailesi yakufa m'misoko yonse kasanu. Munthu akamuyankhula ali pakati, ankayambiranso. Ankadziwa bwino lomwe kuti n'zopanda nzeru, komabe akalekeza mtima unkagunda ngati ukufuna kutuluka.

Tsiku lina anathamangira mayi wina mpaka pokwerera basi, n'kumulanda jumbo kuti ayendetsenso maginito pa siketi. Alamu anali pomwepo, foni ili m'manja, akujambula. Pofika madzulo kanemayo anali atafika kwa achibale onse, kwa amayi akutchalitchi, ngakhale kwa ogulitsa ulusi. Anthu anaseka mpaka misozi. Theka la makasitomala ake linasamukira kwa telala wa tsidya la msewu, amene mabatani ake amathothoka sabata isanathe.

Amene anamuthandiza anali namwino wa za maganizo kuchipatala, munthu wosakonda kunyengerera.

"Ganizo limenelo si inuyo, mayi. Limabwera losaitanidwa, ndipo anthu ambiri amavutika nalo," anatero namwinoyo. "Mukabwereza kufufuza, mukulidyetsa. Mukafunsa wina kuti akutsimikizireni, mukulidyetsanso. Fufuzani kamodzi, tsekani chitini, khalani pansi. Mantha akuvutitsani, koma atopa okha."

Miyezi isanu ndi umodzi ya thukuta inamutsitsa kuchoka pa kasanu kufika pa kawiri. Kamodzi kokha n'komwe kankamukanikabe.

Ndiye lero alamu omwe aja anali ataima pamaso pake, manja m'chiuno, akudziyang'ana pagalasi. Sanapepese n'kamodzi komwe. Anangobwera ndi nsalu, poti mwa atelala onse a m'deralo palibe wina wodziwa kusoka diresi lokwana thupi lawo. Mwamuna wa Bwerezani anachonderera kuti nkhani ya kanema ija iiwalike. Kuiwala ndi kosavuta kwa munthu amene sanasekedwe.

Lachisanu m'mawa diresi linatha. Bwerezani analisita, n'kulipachika, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga kasingano kamodzi, n'kukalowetsa mumsoko wa m'chiuno chakumbuyo, nsonga italoza m'kati. Poima sikakanamveka. Koma mayi wa mkwatibwi akadzati akhale pampando wake wakutsogolo, pamaso pa anthu onse ndi mafoni awo, akanadzadumpha n'kukuwa.

M'kachitini munatsala khumi ndi tisanu ndi tinayi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu, nambala yoperewera sinamuchititse mantha. Inamukomera. Anaphika tiyi, n'kuthira shuga wambiri, n'kumamwa pang'onopang'ono akuwaona alamu m'maganizo akulumpha, duku litagwa. Anaseka yekha mpaka kutsamwa.

Ali pakati pa kapu yachiwiri m'pamene anazindikira chinthu. Ganizo lakale lija linkabwera ndi thukuta, iye n'kumalithamangitsa. Ili la lero analiitana yekha, n'kulipatsa mpando ndi tiyi. Namwino anati lija silinali iye, koma ili linali iye ndithu. Zaka zitatu wavutika, wasekedwa, wataya makasitomala, zonsezo poopa kubaya munthu. Tsopano atabaya mwadala, alamu akanayendayenda n'kumati, "Si ndinanena kuti telala uja mutu sukuyenda?" Ndipo ulendo uno akananena zoona.

Anaimirira n'kukasolola kasinganoko. Sikunali kukhululuka ayi, mtima unali udakali bii. Anangokana kuwapatsa alamuwo mphatso yotero.

Anawerenga tisingano: makumi awiri. Anayendetsa maginito m'misoko kamodzi, n'kutseka chitini. Nthawi yomweyo mdani wakale uja anadzuka. Wawerenga bwino? Nanga ngati unaikamo tiwiri? Tsegula uonenso. Manja anayamba kulowera kuchitini, thukuta likutsika kumsana. Anakhala pampando wa makina n'kukhalira manja ake onse awiri, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Mphindi khumi zinali zowawa zedi. Zitakwana makumi atatu, anayamba kumvanso phokoso la magalimoto panja. Chitini sanachitsegule.

Alamu anabwera masana kudzatenga diresi.

"Mwapitamo kasanu ndi kachitsulo kanu kaja, eti?" anafunsa akuseka.

"Ayi. Kamodzi."

"Kamodzi?"

"Si munati ndi misala? Ndasiya, alamu. Mwandichiritsa ndinu." Bwerezani anapinda diresilo bwinobwino n'kuliika m'jumbo. "Ndikhulupirira kuti tisingano tonse tatuluka."

Anamwetulira, kumwetulira kwaulemu kumene sanawaonetsepo chichitikire nkhani ya kanema. Kuseka kwa alamu kunazima. Anayang'ana jumbolo, anayang'ana telalayo, ndipo zinaonekeratu pankhope kuti akumbukira zonse zimene anamuchita.

Loweruka diresi linawakhala mochititsa kaso, aliyense ankafunsa kuti wasoka ndani. Koma mwini wake ankayenda ngati wasenza mazira. Polowa m'holo anasisita m'chiuno. Asanakhale pansi anapapasa kumbuyo, kenaka n'kukhala kunsonga kwenikweni kwa mpando. Achibale pofuna kuwakumbatira, iwo ankangopereka dzanja. Mwana wawo akuvina ndi mwamuna wake, iwo anali kuchimbudzi, atavula diresi, akulitembenuza. Anabwerako, anakhala pang'ono, n'kuyambanso kupapasa.

Bwerezani anali pamzere wachitatu, akuwerenga kupapasa kwawo. Kasanu. Kasanu ndi kamodzi. Kasanu ndi kawiri. Foni inali m'chikwama chake, ndipo anaiganizira ndithu, koma anaona kuti maso ake akukwanira.

Nthawi ya chakudya alamu anabwera mozemba n'kuwerama pafupi ndi khutu lake. Mafuta odzola anali atasungunuka ndi thukuta.

"Alamu, tanenani zoona. Mulibedi kanthu muno?"

"Mwapezamo kanthu?"

"Ayi, koma mtima sukukhazikika. Ndikudziwa kuti mulibe, koma ndikangoti ndikhale, ndikumva ngati... Chonde, ingonenani kuti mulibe."

Bwerezani anawayang'ana. Mawu amenewo ankawadziwa onse, mpaka kunjenjemera kwake. Chisoni chinabwera pang'ono, chochepa ngati kasingano komwe, koma sichinakhalitse.

"Ndinafufuza kamodzi, ndipo ndinakuuzani kamodzi," anatero. "Ndikabwereza, chimakula. Kakhaleni pansi, alamu. Chikuvutitsani, koma chitopa chokha."

Alamu anabwerera kumpando wawo, dzanja lili kumsana. Bwerezani anatenga supuni n'kuyamba kudya, dzanja linalo litagona phee pamwendo.