Simukhadi Yogula Pamsewu

Ku Dukathole, dera lina la ku Joni, munthu akafuna kugula foni ankayamba wadzera kwa a Wallace. Ntchito yawo inali yoika matailosi m'nyumba za anthu ku Germiston ndi ku Boksburg, koma nkhani ya mafoni ankaikamba ngati anakulira m'fakitale yake. Loweruka masana ankakhala pa kreti pafupi ndi tebulo la a Mwanaidi, mayi wa ku Mangochi amene ankagulitsa matchaja ndi makava a foni, n'kumagawa nzeru kwaulere, ngakhale kwa amene sanafunse.

"Musamatengeke ndi makamera atatu kumbuyoko," ankatero. "Funsani za batire, funsani malo osungira zinthu. Ndipo mukangogula, tsekani zoti mavidiyo a m'magulu a WhatsApp azidzilowera okha. Data yanu imathera maliro a anthu osawadziwa."

Ankaletsa kutchaja foni pansi pa pilo, ankaletsa kuyankha manambala achilendo, ndipo matchaja otchipa ankawanyoza pamaso pa mwini tebulo. A Mwanaidi ankangoti, "Inu a Wallace, tsiku lina ndidzakulandani kretiyo," koma sanawalande.

Foni yawo eni ake inali yakale, galasi losweka pakona. Mafoni anasinthapo anayi chibwerere ku Joni, koma nambala sanaisinthepo. Foniyo sinkazima. Ngakhale m'tchalitchi inkakhala m'thumba la malaya, pamtima, yongonjenjemera ikaitana. Anthu ankati n'chifukwa cha makasitomala, ndipo iwo sankatsutsa. Zoona zake zinali zoti ankadikira mwana wawo.

Ufulu anali mwana wawo yekhayo. Ali wamng'ono ku Ntcheu, mayi ake anamuphunzitsa nambala ya bambo ake ngati nyimbo, kuti Lamulungu lililonse azikaimba pa foni ya aphunzitsi oyandikana nawo nyumba. Mayiwo atamwalira, a Wallace anamuitanitsa ku Joni n'kumupezera ntchito ya zomangamanga kwa bwana amene ankamudziwa. Mnyamatayo anagwira miyezi iwiri n'kusiya osatsanzika. A Wallace anachita manyazi, manyaziwo anasanduka mkwiyo, ndipo anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pawo. Ufulu anamva. Ananyamula chikwama chake n'kupita, ndipo patatha mwezi nambala yake inasiya kupezeka. Ena ankati anamuona ku Durban, ena ankati ku Kepi. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa. A Wallace ankadziwa kuti mawu aja sangawameze, koma ankadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: mwanayo nambala ankaidziwa pamtima, ndipo tsiku lomwe mtima wake udzatsike, adzaimba.

Foniyo inabedwa Lachisanu lina madzulo, pa renki ya matekisi ku Germiston. Panali kukankhana polowa m'tekisi, ndipo atakhala pansi n'kugwira pachifuwa anapeza m'thumba muli pululu. Sanadandaule kwambiri ndi foniyo. Iwo ndi amene ankauza anthu kuti foni ikabedwa nambala siifa, umangopita kushopu ya kampani n'kukaisamutsira pa simukhadi ina.

M'mawa mwake anavala malaya osita, natenga pasipoti. Mtsikana wa pakauntala anawafunsa manambala amene anawaimbira komaliza, iwo anatchula onse osaphonya. Anawafunsa tsiku lomwe anathira eyataimu, anayankha. Kenako mtsikanayo anayang'ana pakompyuta, n'kuyang'ana pasipoti, n'kupukusa mutu.

"Baba, nambala iyi si yanu. Inalembetsedwa m'dzina la munthu wina."

Apo m'pamene anakumbukira. Simukhadiyo anaigula tsiku lachiwiri atafika ku Joni, kwa munthu wina amene ankagulitsa pa katoni m'mbali mwa msewu. Nthawi imeneyo analibe adiresi, analibe pepala lililonse loonetsa kumene ankakhala, ndipo wogulitsayo anawauza kuti n'njolembetsa kale, angoika m'foni basi. Aliyense wobwera kumene ankachita chimodzimodzi. Zaka khumi ndi zitatu nambalayo inawapezera ntchito, inawauza za maliro a mkazi wawo, koma m'buku la kampani inali ya munthu amene sanamuonepo, mwinanso munthu woti kulibe.

Anachonderera. Anafotokoza za mwana wawo m'Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, mpaka anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza. Mtsikanayo anawamvera chisoni ndithu, koma anati popanda mwini dzina palibe chimene angachite. Anawapatsa nambala yatsopano, yolembetsa m'dzina lawo lenileni. Anatuluka nayo ngati munthu amene wapita kukafuna mbuzi yake yotayika n'kupatsidwa chingwe.

Loweruka limenelo masana anakakhala pa kreti yawo. Munthu wina anabwera kudzafunsa za foni yoti agulire mkazi wake, iwo anangoti, "Gulani iliyonse."

"Mwadwala?" anafunsa a Mwanaidi munthu uja atachoka.

Anawafotokozera zonse, kuyambira ku Ntcheu. Aka kanali koyamba kuuza munthu wa ku Dukathole za Ufulu. A Mwanaidi anamvetsera akukonza makava patebulo.

"Eish, a Wallace. Zaka zonsezi mukutiphunzitsa za batire, za dzina pa simukhadi simunatiuzeko. Yanganso ndinagula pamsewu, mukudziwa?"

"Lolemba mukailembetse m'dzina lanu simukhadi ikadali m'manja mwanu," anatero iwo. "Zina zonse ndinakuuzanizo n'zazing'ono."

Komabe kudziwa zinthu kuja sikunapite pachabe. Ankadziwa kuti wakuba amataya simukhadi nthawi yomweyo, ndipo nambala ikakhala miyezi osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina. Choncho anayamba kuimbira nambala yawo yakale. Tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro ankapukuta simenti m'manja, n'kukhala pa bokosi la matailosi, n'kuimba. Tsiku lililonse mawu a makina ankawauza kuti nambalayo sikupezeka. Chimene chinkawadya mumtima n'choti mwina Ufulu nayenso akumva mawu omwewo kwinakwake. Nyengo yozizira inatha, mvula inayamba, kumwamba ndege zinkangodutsa monga mwa masiku onse.

Kenako anapeza ntchito yaikulu ku Daveyton, nyumba yonse yofuna matailosi sabata zitatu, ndipo mwini nyumba anali wa maso pa wotchi. Anadumphitsa masiku osaimba. Atamaliza, Loweruka masana ali pa kreti yawo, anaimba mwachizolowezi chabe. Foni inaitana.

Anayankha munthu wamkazi, m'Chingerezi. A Wallace anayamba kufotokoza kuti nambalayo inali yawo, koma asanafike pakati mayiyo anadula. Anaimbanso, sanayankhe.

"Mpatseni ulemu mayiyo," anatero a Mwanaidi. "Mwamuna wosamudziwa akuti nambala yako ndi yanga, inu simungadule? Si inu nomwe mumati oimba ndi manambala achilendo ndi atsotsi? Bweretsani kuno nambalayo."

Anaimba ndi foni yawo, natsegula sipika. Mayiyo atayankha, a Mwanaidi analankhula modekha, ngati akulankhula ndi mnansi pa mpopi. Anati sakufuna nambala, sakufuna kanthu, pali bambo wachikulire amene akusaka mwana wake basi. Mayiyo anafewa. Anati dzina lake ndi Tasneem, amakhala ku Benoni, ndipo nambalayo wakhala nayo sabata zitatu.

"Ndiye bamboyo ndi wa matailosi?" anafunsa Tasneem. "Anthu andisowetsa mtendere, aliyense akufuna bafa yake ikonzedwe."

A Wallace anaweramira pa foniyo. "Ndine, mama. Pepani kwambiri. Koma kodi sanaimbepo mnyamata wina wosafunsa za matailosi?"

Tasneem anakumbukira.

"Alipo. Anaimba Lamulungu lapitali. Nditayankha anati, 'Ababa?' Ndinamuuza kuti walakwitsa nambala. Iye anaitchula yonse kuyambira koyamba, mochita ngati akuimba, n'kundifunsa ngati ndi yomweyo. Ndinati ndi yomweyo, koma tsopano ndi yanga. Kenako anandifunsa kuti, ndiye kuti mwini wake anamwalira? Ine ndinati sindikudziwa. Pepani, sindinkadziwa ndithu. Anathokoza n'kudula."

A Wallace anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zaka zisanu ndi chimodzi foni ili pamtima, ndipo mwanayo anasankha kuimba pamene iwo palibe. Kwa sabata yathunthu, kwinakwake m'dziko lomweli, Ufulu ankayenda akudziyesa wamasiye. Zimenezi zinawapweteka kuposa tsiku la pa renki lija.

"Nambala imene anaimbira ilipo?" anafunsa a Mwanaidi.

"Dikirani ndione. Ndimakonda kufufuta."

Anadikira. Pamsewu panadutsa galimoto yogulitsa mbatatesi ikuliza hutala, ndipo a Mwanaidi anaphimba foni ndi dzanja. A Wallace anapapasa m'matumba, napeza pensulo yawo yolembera mizere pa matailosi. Pepala analibe. Anatola kabokosi ka tchaja, ka mtundu womwe ankaunyoza uja, n'kukang'amba.

"Ilipo," anatero Tasneem.

Analemba manambalawo limodzilimodzi, n'kuwawerenganso mokweza kawiri. Tasneem anawafunira zabwino, ndipo anafunsa kuti anthu ofuna matailosi aja aziwauza chiyani. A Mwanaidi ndi amene anamupatsa nambala yatsopano ya a Wallace, chifukwa eni ake anali atayamba kale kuimba.

Foni ya Ufulu inaitana mpaka kuduka yokha. Anaimbanso, chimodzimodzi.

"Sakuyankha."

"Nambala yachilendo imeneyo kwa iye," anatero a Mwanaidi. "Mwana wanu ndithu, malangizo anawamva. Mutumizireni mawu, amve kuti ndinu."

A Wallace anaika nambalayo pa WhatsApp. Panatuluka kachithunzi ka munthu wandevu, atavala chipewa cha ntchito, ndipo anachedwa kumuzindikira. Makutu okha ndi amene anali a mayi ake. Zaka zonsezi anakonza mawu ambiri oti adzanene mwanayo akadzaimba, ena odzudzula pang'ono, ena ofotokoza chimene chinawakwiyitsa. Tsopano onse anaoneka opanda ntchito. Anadina kachizindikiro ka maikolofoni, nayandikitsa foni kukamwa.

"Ufulu, ndine bambo ako. Sindinafe, mwana wanga. Foni ndi imene inabedwa. Zimene ndinanena tsiku lija ndinalakwa. Pakhomo paja m'pako. Nambala yanga ndi ino tsopano, uiloweze."

Anachotsa chala. Uthengawo unapita, ndipo a Mwanaidi anatembenukira kumbali n'kuyamba kusanja matchaja amene anali osanja kale. A Wallace anabwezera foni m'thumba la malaya mwachizolowezi, koma dzanja sanalichotsepo. Anali asanakhazikike bwino pa kreti paja pamene inayamba kunjenjemera pamtima pawo.