Kamtanda ka Pakona

Kuntchito ankamutcha Kambedza, ndipo mwini wake dzinali ankayenda nalo monyada. Ntchito yake inali yokonza mauthenga otsatsa malonda, aja amangobulukira pa foni munthu uli pakati pa zako. Luso lake linali pa kamtanda kotsekera uthengawo. Ankakachepetsa ngati nsabwe n'kukabisa pakona, kuti chala chikangophonya pang'ono, pulogalamu ilowe yokha m'foni. Bwana ankachita kumuwombera m'manja.

Loweruka lina masana mayi ake anatulukira osanena. Anakana tiyi, anakhala kunsonga kwa mpando, n'kumupatsa foni ndi manja awiri.

"Iwe ndiye wa zamafoni, mwanangu. Undibwezere mawu a bambo ako."

Anali mauthenga a mawu amene malemu bambo ake ankatumiza ali m'chipatala. Mayiwo ankawamvetsera m'mawa uliwonse asanamwe mankhwala awo.

"Zakhala bwanji, amayi?"

"Panatuluka chinthu chofiira, ati foni yadzaza tizilombo, zonse zifufutika pompano. Manambala akuthamanga, mtima wanga nawo ukuthamanga. Ndimati nditseke, koma zala zangazi! Kunalowa chinthu chotsuka foni, chasesa zonse."

Kambedza anayatsa foni ija. Sipanapite mphindi, chofiiracho chinabulukanso, ndipo anachizindikira. Mtunduwo anasankha yekha. Mawu akuti "Mukachedwa mulira" analemba yekha, anzake akufa nacho chiseko. Kamtanda kanali pakona pomwe anakaika.

Anafufuza paliponse, chonsecho ankadziwa kuti akungotaya nthawi. Pulogalamuyo inkafufutiratu zinthu zakale kuti izioneka ngati ikugwira ntchito. Zimenezi anazimva pamsonkhano wa kuntchito, ndipo tsiku limenelo anangogwedeza mutu.

"Kupusa n'kwanga," anatero mayi aja, akupotokola lamba wa chikwama. "Mlongo wako anandiuza kuti ndisamangodina zilizonse. Ukalamba ndi matenda ndithu."

Apa mpamene manyazi anamugwira zenizeni. Akanamutukwana zikanakhalako bwino, koma mayi ake ankadzitukwana okha pa msampha umene iye anatchera.

"Koma amene amalemba zinthu zimenezi," anapitiriza mayiwo, "alibe mayi kwawo?"

Kambedza anayang'ana pansi. Bodza linali pafupi, ndipo mabodza ndiwo ankamudyetsa, koma lero linakana kutuluka.

"Ali nawo, amayi. Ndinalemba ndine."

Mayi aja sanakuwe. Anatenga foni yawo, anaipukuta ndi mpango n'kuiika m'chikwama. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Ndinakutumizira uthenga womaliza wa bambo ako uja, chaka chatha. Ukadali nawo?"

Kambedza anaukumbukira. Anali ataufufuta yekha foni yake itadzaza, asanaumvere n'komwe.