Basi ya m'mutu mwa a Saulos

Tarisai anafika ku Unit K masana a Loweruka, atakulunga bolodi la chithunzi chake m'chitenje. Kuchokera ku Zengeza 4 anayenda wapansi, chifukwa makombi, maminibasi a kumeneko, awiri anamukana, ati bolodilo libaya anthu m'maondo.

Mkati mwa sabata Tarisai ankasita zovala pa malo ena ochapira mu Harare. Akaweruka ankasamalira bambo ake, a Saulos, amene anadwala sitiroko zaka ziwiri zapitazo. Kujambula anadziphunzitsa yekha, ndi penti wotsala m'zitini, pa nthawi imene bambowo agona. Panalibe amene anaonapo zithunzi zake. Ichi chokha ndi chimene chinamuvuta mpaka kufuna maso a munthu wina.

Che Husaini anawapeza kuseri kwa nyumba, akutsuka maburashi. Anali mnzawo wa a Saulos kuyambira unyamata, ndipo zikwangwani zambiri za m'masitolo a kumeneko analemba ndi iwo, anthu asanayambe kusindikiza pa makina.

"Maswera sei, sekuru," anapereka moni Tarisai m'Chishona.

"Taswera, mwanangu. Koma pano tilankhule chathu. Achimwene ali bwanji?"

"Ali choncho. Akudya."

Chichewa ankachimva bwino, koma pochilankhula ankachita kusankha mawu limodzilimodzi. Anamasula chitenje n'kutsamiritsa bolodi pakhoma.

Inali nkhope ya a Saulos. Mutu wawo unali wotseguka pamwamba ngati chitini, ndipo m'menemo munkatuluka basi yachikasu, wotchi yosungunuka, makiyi, nsomba ziwiri ndi mtengo wa mapeyala wozondoka.

Che Husaini anakoka mpando, anakhala, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Tarisai anakhala pa chitini cha penti. Miyendo inkamuwawa.

"Ukufuna ndikuyamikire, kapena ndikuuze?" anafunsa mkuluyo.

"Mundiuze. Ndatopa nacho. Ndimati ndikawonjezera chinthu chikhala bwino, koma chikungoipiraipira."

"N'chifukwa chake. Zonsezi zikukuwa nthawi imodzi, ndiye diso silikudziwa poima. Wotchiyi ndi ya chiyani?"

Tarisai anaganiza. "Ndinaiona pa foni. Ojambula zoterezi amaika mawotchi."

"Nanga nsomba?"

"Panali malo opanda kanthu."

"Basiyi?"

Tarisai anayang'ana basiyo. "Chidwalireni, m'mawa uliwonse ababa amandifunsa kuti basi ya ku Dedza inyamuka nthawi yanji. Anachokako ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, sanabwerereko. Chishona anachiiwala chonse. Ine ndimangoti mawa, ababa."

"Ndiye basi ndi yako. Zinazi wabwereka. Tizibweza."

Anadzuka n'kuloza tsaya. Anati kuwala kukuchokera kumanzere, koma mthunzi wa mphuno wagweranso kumanzere komweko, ngati kunja kuli madzuwa awiri. Anati mithunzi waipaka ndi penti wakuda wochokera m'chitini momwemo, n'chifukwa chake khungu likuoneka ngati tayala. Khungu la munthu, anatero, mumdima mwake mumakhala kufiira ndi kabuluu pang'ono. Anati basi ikuyandama chifukwa ilibe mthunzi pamphumi. Chinthu chosatheka chimafunika kuchijambula mosamala kuposa chotheka, apo ayi palibe angachikhulupirire.

Tarisai ankangogwedeza mutu. Zonsezo zinali zoona, ndipo chilichonse chinali ntchito ina yomudikira.

Kenako Che Husaini anabwerera pampando n'kutsitsa mawu.

"Chatsala chimodzi. Ameneyu si Saulos amene ndinamuona mwezi watha. Pakamwa apa wawongola."

Tarisai anayang'ana pansi.

"Unalimba mtima kuwatsegula mutu, koma mlomo wawo waopa."

"Sekuru, mlomo umenewo ndimaupukuta katatu pa tsiku," anayankha. "Ndimauthira phala, theka limabwerera. Ndiye ndikakhala pansi kuti ndipume, ndiujambulenso?"

Mkuluyo anatenga nsanza n'kupukuta manja, ngakhale anali oyera kale.

"Ine ndimabwera kamodzi pa mwezi, ndipo ndikatuluka pageti panu ndimapuma," anatero. "Sindingakulamule. Chithunzi n'chako. Tiyambe ndi zosavutazi."

Anatulutsa penti wotuwa ndi burashi yaikulu. Tarisai anafafaniza wotchi, kenako makiyi. Pa nsomba anazengereza, chifukwa zinamutengera masiku atatu, koma nazonso zinapita. Mtengo unatsala pang'ono kupulumuka, mpaka Che Husaini atamuuza kuti abwerere m'mbuyo mapazi asanu ayang'ane. Ataona yekha, anaufafaniza osafunsa. Pamwamba pa mutu panatsala basi yokha ndi thambo lotuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba maso a bambo ake anaoneka.

Pa chivundikiro cha chitini mkuluyo anasakaniza wofiira, wabuluu ndi kadontho ka wachikasu. Anatenga burashi yaing'ono kuti amuonetse pa tsaya, koma dzanja linayamba kunjenjemera lisanafike pa bolodi. Anayesanso. Penti anadontha pansi.

"Ona zimene zinandichotsa pa zikwangwani," anatero. "Anthu amati ndi makina. Tenga, ine ndizingolankhula."

Anagwira ntchito choncho, wina pakamwa, wina dzanja. Mthunzi wa mphuno unasamukira kumanja. Pansi pa matayala a basi panabwera kamdima kogwera pamphumi, ndipo basiyo inakhala ngati ikulemeradi. Sauda, mkazi wa Che Husaini, anabweretsa tiyi, anayang'ana bolodi, n'kungoti, "Ii, a Saulos," n'kubwerera m'nyumba.

Tiyi atazizira, Tarisai anaviika burashi osauzidwa. Anatsitsa ngodya ya kumanja ya mlomo, pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa chala. Anatsitsanso chikope cha mbali yomweyo. Dzanja lake linkadziwa malo ake onse, silinafune kuganiza. Atamaliza anaika burashi pansi n'kukhala, manja ali pamaondo.

"Usachikhudzenso lero," anatero Che Husaini. "Khutu lakula, koma limenelo ndi la tsiku lina."

Pobwerera sanathe kulikulunga bolodi chifukwa penti anali wosauma. Analinyamula moyang'anitsa kutsogolo, ndipo anthu m'njira ankatembenuka. Iye analibe mphamvu zochitira manyazi.

Kunyumba anapeza Lisnet, mayi woyandikana nawo amene anatsala ndi wodwalayo, ataima kale pakhomo kudikira kuti azipita. A Saulos anali pampando wawo pafupi ndi zenera. Tarisai anaika chithunzi patebulo patsogolo pawo.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja lawo labwino n'kuloza.

"Awa ndi abambo anga," anatero movutikira. "Anakalamba chonchi?"

"Ndinu, ababa."

"Ayi. Ndi abambo." Anamwetulira mbali imodzi. "Wawajambula bwino."

Tarisai anafuna kuwatsutsanso, koma anangowakonzera kolala ya malaya. Nthawi yomweyo Lisnet anakuwa ali kuseri kwa mpanda kuti madzi abwera pampopi, patatha masiku asanu. Tarisai anakweza chithunzi pamwamba pa kabati kuti fumbi lisachipeze, anavula nsapato, n'kuyamba kutulutsa zigubu.