Achule Opanda Makona

Atelala anali atatsala ndi chule mmodzi pamene chitseko chinatseguka. Sizasi inali m'manja, tizidutswa ta pepala lobiriwira tili mbwee pasiketi, ndipo patebulo anali atayala achule, anapiye ndi maluwa, zonse zosalala m'mbali ngati kolala ya malaya atsopano.

"Wabwerako? Taona, ndakukonzera," anatero monyadira. "Sizasi yako ija ndi yobuntha, mwanawe. M'mbali monsemu munali manomano."

Kachala anaima pakhomo, mabuku ali kukhwapa. Anali mtsikana wa zaka khumi, mwana wa amuna awo, ndipo dzinali anamupatsa ndi bambo ake chifukwa chala chake sichinkachoka pafoni. Anayang'ana patebulo, kenako anayang'ana sizasi. Sanalire, ndipo bola akanalira. Anangolowa kuchipinda kwake n'kukhoma chitseko.

Atelala anatsala kukamwa yasa. Sabata yonseyo mwanayo ankadula mapepala amenewo akaweruka, poti aphunzitsi anauza ana akuluakulu kuti akonzere ana a kalasi yoyamba zokongoletsa za Isitala, zofunika pa tsiku lotsekera sukulu lomwe linali mawa lake. M'mawa umenewo, kwa nthawi yoyamba chilowereni Atelala m'nyumbamo, Kachala anawapempha kanthu. Anati amusungire mapepalawo pamwamba pa kabati kuti mphaka asawagonere. Kusunga kokha. Koma munthu amene wakhala akuwongola mipendero moyo wake wonse, mzere wokhota umamuyabwa ngati chitedze.

Bambo a mwanayo, omwe ankayendetsa basi, anatulukira kudzadya. Ataona patebulo anagwira pakamwa.

"Mayi, mwachita chiyani? Makona aja ndiye chule wake."

"Makona ake ati?"

Bambowo anatola foni yakale yong'aluka galasi yomwe inali pawindo, n'kuitsegula. Munatuluka kachule kobiriwira, kodumpha mipanda kukutola maluwa. Thupi lake lonse linali timabokosi tating'ono tosanjikizana, m'mbali mwake ngati masitepe. Maluwa nawo anali a makona, ngakhale dzuwa limene.

"Gemu imeneyi ankasewera ndi malemu mayi ake, pafoni yomweyi," anatero bambowo motsitsa mawu. "Podula mapepalawa, mabokosi aja mwanayu amachita kuwerenga, limodzilimodzi."

"Nanga inu osandiuza bwanji?"

"Munandifunsa? Safunsa anadya phula, mayi."

Tsiku lina akanawabwezera mawu, koma apa Atelala anangokhala pansi. Sizinali za mapepala okha ayi. Mng'ono wa malemuwo anali atapempha kuti adzamutenge mwanayo sukulu ikangotsekera, ndipo ngati angakonde, akhale konko ndithu, akalowe sukulu ya kumeneko. Bambo ake anati asankhe yekha. Kachala anali asanayankhe, koma chikwama chake chachikulu chinali chitalongedzedwa kale, chili tsonga kuseri kwa chitseko. Atelala ankachiona tsiku lililonse posesa, ndipo chinkawapweteka. Mwanayo ankamukonda, kungoti sankadziwa polowera. Lero atapatsidwa kampata, alowa ndi sizasi.

"Mapepala ena alipo?" anafunsa.

"Anachita kugawiridwa kusukulu. Madzi akatayika saoleka. Musiyeni, mtima ukatsika atuluka."

"Atuluka ndi chikwama," anatero Atelala.

Bambowo anadya n'kubwerera kuntchito.

Atelala anaisiya foni ija chiyakire patebulo, n'kumakayang'anitsitsa kachuleko. Timabokosi, timabokosi. Kenako anadzuka, nakoka thumba la zidutswa lomwe linkakhala pansi pa makina osokera, thumba limene amuna awo ankati tsiku lina lidzawatulutsa m'nyumba. Anakhuthulira zonse pansi. Munali zotsala za madiresi, za makatani, za mayunifolomu a sukulu zosiyanasiyana, ndipo zambiri mwa izo zinali nsalu za mizere yopingasana, zamabokosi kale. Panalibe chojambula kapena choyeza. Kunali kungotsata mizere.

Dzanja linkakana. Pakona paliponse sizasi inkafuna kuzungulira yokha, iwo n'kumaibweza. Atamaliza anamata kansaluko pakatoni ya sopo, naika timabokosi tiwiri takuda ngati maso. Chinatulukacho chinali chule ndithu, koma chule wooneka ngati wagundidwa ndi njinga.

Anapita pachitseko cha mwanayo n'kugogoda pang'ono.

"Kachala, ndalakwa. Ndinayesa ndikukuthandiza, osadziwa kuti ndikuwononga. Pepa, mwanawe."

Kenako anawerama n'kulowetsa chuleyo pansi pa chitseko, nabwerera pamakina. Anayesa kupitiriza siketi ya kasitomala, koma ulusi unkangosomphoka pasingano.

Patapita kanthawi loko analira. Kachala anatuluka maso ali psuu, atagwira chule uja ndi zala ziwiri ngati nsanza yonyowa.

"Maso sakhala pamenepa."

"Amakhala pati?"

"Pamwamba. Ndiye mwendo uwu watalika ndi bokosi limodzi."

"Ine ndaona ngati ali bwinobwino."

"Sali bwino." Anaponya maso pa mulu wa zidutswa uja. Kenako anagwada n'kusolola kansalu kachikasu ka mabokosi ang'onoang'ono. "Iyi ikhoza kukhala mwanapiye."

Atelala sanafune kuonetsa chimwemwe, kuopa kuthawitsa mbalame yoti yangotera. Anangomupatsa choko chosokera, chija cholembera pansalu, n'kunena kuti, "Iwe uzilemba, ine ndizidula. Ndikakhota undikalipire."

Ndipo anawakalipiradi. "Pamenepo imani. Tembenukani. Ayi, mwadya bokosi." Atelala, amene makasitomala awo ankawaopa kuwauza kuti diresi lathina, ankangoti, "Chabwino, bwana." Nsalu ikayamba kusomphoka ulusi m'mbali, anamuonetsa kupaka guluu kumbuyo kaye, iume, kenako n'kudula. Kachala anayesa yekha ndipo makona anatuluka akuthwa kuposa a pepala aja. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga awa ndawapundulawa titani nawo?" anafunsa Atelala, akuloza achule osalala aja.

Mwanayo anatola mmodzi n'kumutembenuza. "Adulenitu miyendo akhale mazira. Tizimata achule ansaluwa pamwamba pake." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Kuzunguliza si ndiye ntchito yanu."

Atelala anaseka mpaka misozi, ndipo si yonse inali ya kuseka.

Pamene bambo aja ankabwera kuchokera kuntchito, anapeza poponda palibe. Mazira anali pamipando, pawindo, ngakhale pamwamba pa wailesi, lililonse lili ndi chule, mwanapiye kapena duwa la makona. Awiriwo anali mkati mokangana ngati duwa lina linali lopendekeka kapena ayi.

"Ine sindikuona chovuta," anatero bambowo.

"Lapendekeka," anayankha onse pamodzi.

"Hoo, matenda ake ndi amodzi. Wina sagona ndi mzere wokhota, wina sagona ndi bokosi losowa. Ine ndiye ndapsa m'nyumba muno."

Kutacha kunabuka vuto lina, la chonyamulira. M'jumbo mazirawo ankapindika, ndipo katoni yokhayo yomwe inalipo anali ataidula kale. Atelala anayamba kufunafuna nsalu yoti amangire, koma Kachala analowa kuchipinda n'kutuluka akukoka chikwama chachikulu chija. Anachitsegula pakati pa balaza, nakhuthulira zovala zonse pampando: madiresi, nsapato, juzi, ndi chithunzi cha mayi ake chomwe chinali pansi penipeni. Chithunzicho anakachiimika pawindo, pafupi ndi foni ija. Kenako anayamba kusanja mazira m'chikwamamo, akuyala kansalu pakati kuti asamatane.

Bambo ake anayang'ana zovalazo, nayang'ana akazi awo.

"Mayi ako aang'ono akubweratu madzulo ano. Ndiwauze chiyani?"

"Muwauze ndikagona masiku awiri. Zovala zake zikwana m'jumbo." Anatseka zipi mosamala. "Ana a kalasi yachiwiri nawonso afuna achule akaona awa."

Atelala anatsamira makina. Mtolo umene anausenza milungu yonseyi unatsika wokha. Kenako anayamba kupinda zovala zija kuti azibwezere mukabati.

Kachala anakoleka chikwama paphewa. Atafika pakhomo anacheuka, nayang'ana thumba la zidutswa, kenako sizasi yomwe inali patebulo.

"Nsalu yofiira ili m'thumbamo musaisokere munthu," anatero. "Ndipo musadule chilichonse mpaka nditabwera."