Mphuno Yogula ya Bambo

Bambo anga ankatchuna injini ndi mphuno. Musaseke, ndikunena zoona. Galimoto ikabwera pagalaja yathu ikutsokomola, iwo ankagwada kumbuyo kwake n'kununkhiza utsi, kenako n'kugamula kuti yakhuta kapena ili ndi njala. Kukhuta ndiye kuti kabureta ikuthira petulo wambiri, njala ndiye kuti ikumana injini. Mpake anthu anawapatsa dzina loti a Mphuno, ndipo ankaliyankha msanga kuposa lawo lenileni. Ine ndine mwana wawo wamkazi wachisamba, wowotcherera mapaipi a ekizozi otulutsa utsi pagalaja pomwepo.

Chaka chatha chimfine chinawagoneka, ndipo pochoka chinanyamula fungo lonse. Sanauze munthu. Tinadziwira khoswe amene anafera kuseri kwa matayala akale. Tonse tinathawira panja titagwira mphuno, iwo ali phee pampando pafupi pomwepo, akumwa tiyi, n'kumatifunsa chimene chatithamangitsa.

Kuchokera apo anayamba kukana ntchito za kabureta, ati msana. Anayamba kufika mochedwa n'kuweruka dzuwa likadali pamutu. Kenako tsiku lina anangolengeza kuti Kamvuluvulu akugulitsidwa, ndipo dokotala wina wa mano adzabwera kudzamutenga kumapeto kwa sabata.

Kamvuluvulu ndi kagalimoto kawo kachikasu, kakale kuposa ine. Injini yake ndi ya rotale: mulibe mapisitoni, mumangozungulira zitsulo za nsonga zitatu. Ikakhuta imangowononga mapulagi, koma ikamva njala uli paliwiro, timasilo, tizitsulo totseka mpweya pansongazo, timathyoka, injini n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake kwa moyo wanga wonse palibe wina anakhudzapo kabureta yake. Ndinadziwa kuti galimotoyo ikatuluka pageti, bambo nawo atuluka, akakhala pakhonde kudikira ukalamba. Zinandiwawa, ndipo ndinachita mantha.

Ndiye ndinawanamiza pang'ono. Ndinati ndikufuna kugula sensa yoyeza utsi yoti ndizigwiritsa ntchito ine, poti mphuno yanga inapsa kale ndi utsi wowotcherera, komanso n'kulakwa kupatsa dokotala galimoto yosayezedwa. Anati zimenezo n'zoseweretsa za anthu aulesi. Koma atandiona ndikutenga chikwama anavala chipewa, ati apite nane kuti ndisaberedwe.

Shopu ya masipeya ndi ya mayi wina amene tonse timamutchula kuti a Zilipo, chifukwa ngakhale mutafunsa mapiko a ndege yankho ndi lomwelo. Anatulutsa tibokosi tiwiri. Sensa yoyamba inali yotsika mtengo, ndipo bambo anaikonda asanaigwire n'komwe. A Zilipo anafotokoza kuti imeneyo imadziwa mawu awiri okha, yakhuta ndi ili ndi njala, koma kuifunsa kuti njalayo yafika pati, ndiye mwaipempha zambiri. Inayo, imene amati waidibandi, imatchula nambala yeniyeni, ndipo imabwera ndi kabokosi kake ndi geji yake yoonetsa nambalayo, poti galimoto ya kabureta ilibe kompyuta yoti iyankhule nayo.

Apa bambo anayamba mafunso ngati munthu amene mwana wake wabweretsa chibwenzi pakhomo. Anafunsa ngati ingapirire moto wa rotale, umene umafiiritsa paipi. Anafunsa ngati singatsamwe ndi oyilo amene iwo amathirako pang'ono mu petulo. Anafunsa kuti ikafa, kodi timataya zonse kapena kamutu kokhako kamasinthidwa. A Zilipo anayankha kuti oyilo adzaifupikitsa moyo ndithu, koma kamutuko kamagulidwa pakokha, ndipo za moto mankhwala ake ndi kuiika patali ndi injini.

“Ndipo ikanama?” anafunsa bambo.

“Mudzainunkhize, a Mphuno, mudzaigwira bodza,” anatero a Zilipo akuseka, osadziwa kuti aponda pachilonda.

Bambo anaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Ine ndinalipira waidibandiyo msangamsanga tisanayambe zina.

Loweruka m'mawa ndinalowa pansi pa Kamvuluvulu ndi makina anga. Bambo ankafuna ndiboole pafupi ndi injini, ati wonunkhiza amayandikira. Ndinawakumbutsa kuti iwo kwa zaka zonsezi ankanunkhizira kumchira, sanayikepo mphuno pamoto. Anang'ung'udza kuti ana a masiku ano pakamwa mpotseguka, koma anandilozera okha malo abwino, kutali ndithu kumunsi. Ndinaboola cham'mwamba mwa paipi kuti madzi amene amadikha mkatimo asamanyowetse sensa, n'kuwotcherera kamkombero kake, kenako n'kumangapo sensayo ndi kulumikiza mawaya a geji. Msoko unatuluka wosalala moti ndinatsala pansipo kuusirira.

Ndili pomwepo ndinamva injini ikulira. Bambo, amene ankati ndi choseweretsa, anali atatenga kale sikuludiraiva. Poyamba Kamvuluvulu analira mwachizolowezi chake, bulubulubulu. Kenako anayamba kubanika. Ndinamva bambo akutukwana chamumtima, injini n'kubanikanso kwambiri, n'kuwomba phwa kumchira pafupi ndi khutu langa, n'kuzima.

Ndinatuluka tsitsi lili fumbi lokhalokha. Bambo anali ataima manja m'chiuno, akuyang'ana geji ngati wakuba amene amugwira mbuzi ili paphewa. Anati chinthucho n'chabodza. Chinaonetsa 15, iwo n'kuchepetsa petulo. M'malo motsika chinakwera pa 16. Atachepetsanso chinafika pa 17, galimoto ikufa ndi njala pamaso pawo, icho chikuumirira kuti petulo akuchuluka. Anaponya sikuludiraiva patebulo n'kunena kuti basi, mwini wake watsopano akadzionere yekha.

Ndipo ngati wachita kuitanidwa, dokotala wa mano uja anatulukira pageti, nsapato zili mbee, akumwetulira ndi mano onse a ntchito yake.

Kenako ndinamvetsa chimene chachitika, ndipo ndinadzitukwana, chifukwa ine ndinkadziwa koma sindinaganize kuti n'zofunika kunena. Ndinawakokera bambo pambali.

“Bambo, nambalayo sikuwerenga petulo. Ikuwerenga mpweya. Ikakwera ndiye kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa.”

Anayang'ananso geji ija n'kufunsa.

“Mpweya? Munthu wanzeru zake n'kukhala pansi kumawerenga chinthu chaulere, kusiya chimene timagula?”

Ndinati inenso sindinawaone amene anapanga, koma ndi mmene zilili. Anapukusa mutu, nati dziko latha. Koma dzanja lawo linali litapita kale patebulo. Anauza dokotalayo kuti akhale kaye pabenchi, galimoto sinamalize kuvala.

Analiza injini, n'kuyamba kumasula sikuluwu ya petulo pakabureta pang'onopang'ono, khutu ku injini, diso pa geji. Nambala inatsika, 16, 15, 14. Itayandikira 13, Kamvuluvulu anakhazikika, kulira kwake kuli myaa, mpaka sipanala imene inali pamadigadi inasiya kunjenjemera. Bambo anamanganso pang'ono dala kuti aone ngati gejiyo iwatsatire. Inawatsatira. Anamasula, inabwerera. Anachita zimenezo kangapo ngati mwana amene wapeza switchi ya magetsi, ndipo ndinawaona akumwetulira koyamba chichokereni chimfine chija.

Dokotala anatsokomola pabenchi n'kufunsa ngati zatheka. Bambo anamuuza kuti kulira kwa galimoto itaima sikutanthauza kanthu, njala yoopsa imabwera pamsewu, ndiye adikire tikaiyese. Ndinadabwa ndi liwu loti “tikaiyese”, chifukwa poyesa galimoto bambo sankakweza munthu, ati anthu amalankhula pamene injini ikulankhula. Koma ananditsegulira chitseko okha, n'kundipatsa geji ija, mawaya ake akulendewera, kuti ndiigwire pamiyendo.

Tinadutsa mashopu ndi malo okwerera mabasi. Titafika pamsewu wowongoka wopita kumafakitale, anachepetsa liwiro, maso ali kutsogolo.

“Mayi,” anatero, poti ndi mmene amanditchulira akafuna kanthu, “ine sindikumva fungo lililonse. Ngakhale la petulo.”

“Ndikudziwa, bambo.”

“Nonse mukudziwa?”

“Ngakhale mlonda.”

Anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi nsana wa dzanja, ndipo ine ndinayang'ana pawindo kuti asaone anga. Atapuma anandiuza kuti iwo ayang'ana msewu, ine ndiziwerenga mokweza, ndipo ikangodutsa 13 ali paliwiro ndikuwe, asiye.

Anaponda. Kamvuluvulu anakuwa, mitengo ya magetsi n'kuyamba kuthawira kumbuyo. Ndinawerenga 12 ndi theka, kenako 13, kenako 14, n'kukuwa. Anachotsa phazi pomwepo, akugwedeza mutu mokhutira ngati alandira uthenga wabwino. Anati jeti yaikulu, kabowo kolowetsa petulo, yachepa, pafunika kumasula kabureta yonse, kuyesa ina, kubweranso pamsewu, mwina kangapo, ndipo imeneyo si ntchito ya tsiku limodzi kapena sabata imodzi.

Ndinawafunsa kuti nanga dokotala uja tikamuuza chiyani.

“Ukamuuze iweyo kuti akagule ya mapisitoni,” anatero akukhotetsa galimoto. “Ndipo Lolemba usachedwe. Ndikufuna ndikupeze utatsegula kale.”