Musayankhe Uthenga Uno

Mayi Sitampa ankafika pasukulu alonda asanavule n'komwe chikhotho chawo. Dzinali anawapatsa ndi ana, chifukwa pepala lililonse lodutsa m'manja mwawo linkatuluka ndi chidindo, ngakhale lopempha choko. Anali mlembi wa sukuluyo kuyambira nthawi ya taipi ya maliboni, ndipo mahedi onse amene anabwera n'kupita anawasiya pampando womwewo, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino.

Anthu ankati mayiwa amakonda ntchito. Ankaikondadi, koma chowalawiritsa chinali china. Akatsegula ofesi, asanasese, asanaike n'chikwama pansi, ankayatsa kompyuta n'kuima chilili kudikira kuti bokosi la maimelo a sukulu litseguke. Ankafunamo dzina limodzi lokha: Kanyerere.

Kanyerere anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Ali wamng'ono, ukamusowa unkangopita pamene pali chitini cha shuga, ndiye dzina linamukakamira mpaka kukula. Atamaliza sukulu anapita kunja kukagwira ntchito za m'nyumba. Poyamba ankalemba, ndipo ankalembera ku keyala ya imelo ya sukulu poti mayi ake analibe ina. Kenako makalata anayamba kutalikirana, kenako zii. A Sitampa akalemba, uthenga unkabwerera. Foni yawo inabedwa m'basi, nambala n'kupitira limodzi. Nyumba ya lendi imene mwanayo ankaidziwa anaigwetsa n'kumangapo sitolo ya matayala. Bambo ake anamwalira akufunsabe ngati walemba. Khomo lokhalo limene linatsala, loti Kanyerere angagogodepo tsiku lina, linali keyala ya sukuluyo. Sakanaiiwala, chifukwa ndi iye amene anailemba ndi penti pachikwangwani cha pageti ali m'kalasi lomaliza, zilembo zikutsetsereka ngati zaledzera.

Ndiye tsiku lina ahedi analowa mu ofesi ndi mlendo. Anali bambo woonda, wovala shati ya kolala yotha, chikwama cha mawaya chili paphewa. Pofika nthawi yopuma, ana anali atamutchula kale a Mawaya.

"Mayi, awa achokera ku likulu," anatero ahedi. "Sukulu zonse zikupatsidwa mayina atsopano a pa intaneti. Ofanana kalembedwe kake."

"Lathuli latani?" anafunsa a Sitampa.

A Mawaya anakhala pansi mosamala ngati munthu wa msana, n'kufotokoza ndi mawu a munthu amene wanena zomwezo m'maofesi ambirimbiri. Sukulu iliyonse inkadzipezera dzina mwa yokha, ina dzina la mtengo, ina la mwini wake, ina lalitali ngati njanji. Akuba anapezerapo mwayi, n'kumapanga mayina ofananako n'kumanamiza makolo. Tsopano sukulu iliyonse ikhala ndi zilembo za dera lake, nambala yake, ndi mchira umodzi wa sukulu zonse. Munthu akangoona mchirawo adziwa kuti ndi sukulu yeniyeni.

Zinali zomveka, ndipo n'zimene zinawawawa a Sitampa. Zikanakhala zopusa bwenzi atakangana nazo.

"Nanga lakaleli?"

"Likhalapo mpaka teremu ithe, koma bokosi lake titseka lero. Wolembera kumeneko azingolandira yankho lomuuza dzina latsopano. Teremu ikatha, basi, lafufutika."

"Uthenga wakewo uzipita kuti?"

"Kulibe kumene uzipita, mayi. Inu muzingoona kamzere m'bokosi latsopano, konena kuti makina ayankha wakutiwakuti."

A Sitampa anayang'ana ahedi. Ahedi anali munthu wabwino, koma anabwera pasukulupo nkhani ya Kanyerere itazizira kale, ndipo palibe anawauzapo. Panthawiyo n'kuti akuyang'ana denga, pamene panadontha mvula ya chaka chatha.

"Pali anthu ena amadziwa lakale lokhali," anatero a Sitampa motsitsa mawu.

"Nde chifukwa chake pali yankho lija," anatero a Mawaya. "Musadandaule, amazolowera. Kwinaku ahedi ena analira misozi chifukwa cha dzina, lero ndi amene amalitchula bwino kuposa ine."

Anawapatsa mawu a yankholo kuti awalowetse okha, poti iye anali ndi mawaya oti akaone ku laibulale. Mawuwo anali ochepa. Keyala iyi sikugwiranso ntchito. Lemberani ku keyala yatsopano ili m'munsiyi. Uthenga uno watumizidwa ndi makina. Musauyankhe, palibe amene auwerenge.

Apa ndi pamene khalidwe la munthu limamupweteka mwini wake. Mayi Sitampa sanalolepo kalata kutuluka pasukulupo yopanda mwini. Kwa iwo kalata yosasainidwa inali ngati mlendo wolowa m'nyumba osaodira. Ndipo zoti sukulu iuze kholo, munthu wamkulu ndi ndevu zake, kuti wayankhidwa ndi makina, anaziona zachipongwe. Choncho anachotsa mzere wa makinawo. Pamwamba anaikapo moni. Pansi analemba monga ankalembera makalata onse a moyo wawo: Ine wanu, dzina lawo lonse, Mlembi wa Sukulu. Zikanatheka akanadindapo.

Zala zawo zinaima pang'ono pamabatani. Anaganiza zowonjezera mawu awiri a mwana wawo. Koma yankholo linali lopita kwa aliyense, makolo, ogulitsa mabuku, a ku likulu amene. Aulutse nkhani ya m'nyumba mwawo kwa anthu onsewo? Manyazi anawagwira. Anasunga mawuwo mmene analiri, n'kupita kukawiritsa madzi a tiyi wa alendo.

Madzulo ake wopenta anabwera kudzafufuta chikwangwani. A Sitampa anadutsa pageti osacheuka.

Kunyumba kwawo kunali chipinda chimodzi ndi khonde, kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ankaphika chakudya cha munthu mmodzi m'kapoto kakang'ono, n'kudyera momwemo kuti mbale zisachuluke. Wailesi ankaitsegula kuti m'nyumba mumveke mawu a munthu. Shuga ankagulabe wambiri kuposa amene ankamwa, ndipo chifukwa chake sankafuna kuchiganizira. Anali osungulumwa, ndipo kusungulumwako kunali kutakhalitsa moti kunali ndi malo akeake m'nyumbamo, ngati kabati.

Mlongo wawo, amene ankayendetsa lole, ankadutsa mwa apo ndi apo. Atamva za dzina latsopano anapukusa mutu.

"Achemwali, mwinatu n'zabwino. Mwadikira mokwana. Munthu wofuna kwawo amapeza njira."

"Ukutero ndiwe."

"Sindikunena zoipa ayi. Koma taonani mmene mwathera. M'mawa uliwonse kuthamangira kompyuta ngati muli nayo pa ubwenzi."

A Sitampa anaseka kuti nkhani ithe, n'kumuthirira tiyi wina.

Masabata anapita. Dzina latsopano analiloweza, chifukwa ntchito ndi ntchito, ngakhale m'kamwa linkamveka ngati nambala ya galimoto. Bokosi latsopano linali loyera, lofulumira, lopanda fumbi la zaka. Timizere tija tinkabwera tsiku ndi tsiku. Makina ayankha ogulitsa choko. Makina ayankha kholo lofuna malo. Makina ayankha kampani ya mayunifolomu. A Sitampa ankatiwerenga tonse ndi chala pagalasi la kompyuta, ngati munthu wosankha mpunga.

Linali Lolemba, kunja kukuwaza kamvula, pamene chala chawo chinaima. Makina ayankha kanyerere, kenako manambala angapo, kenako mchira wachilendo. Kamzereko kanabwera Loweruka masana, ofesi ili yotseka.

Anakhala pansi chikwama chikadali m'khwapa. Ali moyo. Mwana wawo ali moyo, ndipo wakumbukira zilembo zake zoledzera zija. Anadinikiza kamzereko kuti katseguke, koma munalibe kanthu. Anayang'ana m'bokosi monse ngati walemberanso ku keyala yatsopano. Munali kalata ya msonkhano wa mahedi, basi.

Anaimbira a Mawaya pa foni ya ofesi. Anayankha ali m'basi, phokoso lili pwirikiti.

"Bambo, uthenga umene unabwera Loweruka ku dzina lakale, mungaupeze?"

"Ayi mayi, ndinanena paja. Sitisunga. Unali wofunika?"

"Unali wa mwana wanga."

Kunamveka hutala, kenako kondakitala akukuwa.

"Pepani kwambiri. Komatu walandira yankho lija. Waona kuti ndi makina, alemberanso."

A Sitampa anaika foni pansi pang'onopang'ono. Anatsegula yankholo n'kuliwerenga, koma ulendo uno analiwerenga ndi maso a mwana amene wakhala zaka osalemba, kaya chifukwa cha manyazi, kaya mabwana anamulanda foni, kaya anadwala, ndipo tsiku lina walimba mtima n'kulemba kuti amayi, ndine. Yankho n'kubwera nthawi yomweyo, asanapume n'komwe.

Keyala iyi sikugwiranso ntchito. Musauyankhe uthenga uno, palibe amene auwerenge. Ine wanu. Ndipo pansi pake dzina la mayi ake, lonse lathunthu.

Mawu oti makina panalibe. Anawachotsa okha, ndi zala zawo, chifukwa cha ulemu.

Sanalire mokweza, poti kunja kunali ana akudikira chidindo. Anawadindira onse mmodzimmodzi, n'kutseka chitseko. Kenako analembera ku keyala ya Kanyerere kuchokera ku dzina latsopano. Analemba zambiri, n'kufufuta, n'kulembanso. Za bambo ake sanatchule. Anangoti uja sanali ine mwanawe, anali makina, ine ndilipo, ndakhala ndilipo. Atatumiza anayang'ana dzina limene uthengawo unanyamuka nalo, zilembo ndi nambala, nkhope yoti mwanayo sanaionepo. Ndani amatsegula kalata ya mlendo atangokanidwa kumene ndi mayi ake?

Tsiku linapita. Linanso linapita. Kunali zii.

Lachinayi m'mawa anatsegula yankho la dzina lakale lija. Mzere wa makina anaubwezeretsa pamalo pake. Mawu oti musayankhe anawafufuta. Ndipo pansi pa dzina lawo, pamene makolo, ogulitsa mabuku ndi a ku likulu akanawerenga, analemba kuti: Kanyerere, ngati ndiwe, lembanso. Sindinakukane. Ndine mayi ako.

Manyazi aja anawafunafuna mumtima, sanawapeze.

Sipanatenge nthawi. Sabata yotsatira ahedi anaima pakhomo la ofesi foni ili m'manja, magalasi ali pamphumi.

"Mayi, a mabuku anditumizira ichi. Akuti mwina makina athu alowedwa ndi akuba."

"Sanalowedwe, ahedi. Ndalemba ndine."

Ahedi anatsitsa magalasi n'kuwerenganso. Anayang'ana mayi amene ankawaona tsiku lililonse, amene ankadziwa pamene pali fayilo iliyonse, ndipo anazindikira kuti sankadziwa n'komwe ngati ali ndi mwana.

"Teremu ikutha liti paja?" anafunsa, ngakhale kalendala anaipanga okha.

"Lachisanu la sabata ya mawa."

"Zisiyeni choncho mpaka pamenepo. A ku likulu akafunsa, ndiyankha ine."

Masiku otsalawo aliyense wogogoda pa dzina lakale ankalandira mawuwo. Kholo lina linabwera kudzatenga lipoti la mwana n'kuwagwira dzanja a Sitampa nthawi yaitali. Aphunzitsi anasiya nthabwala akamadutsa pazenera. Anthu onse anali atadziwa tsopano, kupatula mmodzi.

Lachisanu lotsekera, ana anabalalika dzuwa lisanafike pamutu. Mabenchi anawakweza pamwamba pa madesiki, aphunzitsi anatsanzikana, ndipo pasukulu panatsala mapepala ouluka ndi mphepo. A Mawaya anaimba masana.

"Mayi, pamndandanda ndafika pa sukulu yanu. Zinazo ndatseka kale, yanu ndinaisiya komalizira." Anatsokomola. "Ndadikira mmene ndikanathera."

"Zikomo bambo. Tsekani."

Atadula foni analemba dzina lakale pakompyuta, chilembo chimodzichimodzi, monga linalili pachikwangwani. Galasi linaganiza pang'ono, kenako linati malo amenewa sakupezeka.

Alonda anasuzumira pazenera, makiyi a geti ali m'manja.

"Amayi, sitikuweruka? Holidetu yayamba."

"Tsogolani kutseka makalasi. Ndikubwera."

Anapukuta chidindo n'kuchiika m'kabati. Anavundikira taipi yakale imene inkangokhala pakona. Atafika pa kompyuta, dzanja linakana kuzimitsa. Anatsegulanso bokosi latsopano lija, loyera, lopanda kanthu, n'kukhala pansi chikwama chili pamiyendo.

"Bambo alonda," anaitana, "Lolemba mudzanditsegulire geti m'mawa."

"Pa holide, amayi?"

"Eya. Nthawi yomwe ija."